Mkanda Wogunda wa Febian

Chimene chinamuulula Anastazia chinali bata. Abusa atangoti aliyense atseke maso apemphere chamumtima, tchalitchi chonse chinati zii, ndipo m'kati mwa ziiyo munayamba kumveka kanthu, ke-ke-ke-ke, kuchokera pansi pa bulauzi yake. Anaika dzanja pachifuwa kuti akaphimbe, koma kanthuko sikanamve. Amayi ake, amene anagwada naye phewa ndi phewa, anatsegula diso limodzi, kenako onse awiri. Anangopisa chala m'khosi mwa mwana wawo n'kukoka kachingwe, mkanda uja n'kutulukira poyera ukung'anima.

Mkanda wotere kunalibe wina m'dera lonse la Ukwimi. Pakati pake panali mtima wa wotchi yakale yopanda nkhope, timawilo take ta mkuwa tili pamtunda, tikulumana mano n'kumazungulira. M'mbali munalendewera timakiyi tiwiri ndi kagalasi kobiriwira. Ukapukusa kamutu kake m'mawa, unkagunda mpaka dzuwa kulowa. Lamulungu limenelo Anastazia anapukusa mwachizolowezi, osaganiza kuti kutchalitchi kumakhalanso nthawi ya chete.

"Tikakambilana kunyumba," amayi ake ananong'ona, ataufumbata mkandawo ngati agwira chinkhanira.

*

Wopanga mkandawo anali Febian Daka, mnyamata wokonza mawotchi pakhonde la sitolo ina ku Petauke. Chitsegulire boma latsopano zipata za malonda, tauni inasefukira ndi timawotchi ta pulasitiki ta manambala othwanima, toti tikafa umangotaya kudzala. Zokonza zinatha. Febian anatsala ndi chitini cha mawotchi akufa, ndiponso bokosi la malemu agogo ake amene anagwirapo ntchito pa mgodi wa golide ku Sasare. Anayamba kuphwasula zonsezo n'kumapanga ndolo, zibangili ndi mapini a pachifuwa. Mwiniwake ankavala wesikoti ya agogo akewo, ndi chipewa cha nthawi ya atsamunda chimene anamangirirapo magalasi a mumgodi a mikombero ya mkuwa. Anyamata anzake ankamutcha Agogo. Iye ankangovula chipewacho n'kuwaweramira.

Anastazia anamudziwa tsiku lina mvula itamupanikizira pakhondepo, ali ndi thumba la nshawa, mtedza wa kumunda kwawo, pamutu.

"Imwe, muvala monga munthu wa pa chithunzi chakale. Simumvela nsoni?" anamufunsa.

"Nsoni nimamvela nikaona mtsikana wokongola alibe ndolo," Febian anayankha, osadzutsa n'komwe mutu pa zimene ankapanga. "Tulani katundu, mvula iyi siikata manje."

Mvula inakata, koma Anastazia sananyamuke msanga. Kuchokera tsikulo nshawa za kwawo zinkapezeka kuti zikufunika kukagulitsidwa ku Petauke kawirikawiri. Pomuveka mkandawo, miyezi itapitapo, Febian analankhula motsitsa.

"Nilibe ng'ombe, Anastazia, nilibe shopu. Nili chabe na manja awa. Mtima uwu nauchotsa mu wotchi ya agogo, sinikanaupatsa munthu wina aliyense. Nipatse nthawi pang'ono, nizatuma anthu kwanu."

Koma panali maso ena amene ankaona zonsezi. Vivian anali mayi wa salaula, wogulitsa zovala zovalidwapo kale, woyerera, wa pakamwa potsekemera, amene banja lake linatha ku Lusaka. Ankagula ndolo za Febian n'kukazigulitsa kwa azungu mumzinda, ndipo tauni yonse inkadziwa kuti si ndolo zokha zimene ankafuna kugula pakhondepo. Ankayendanso m'midzi kusinthanitsa zovala ndi chimanga. Umo ndi mmene anafikira ku Ukwimi, n'kukhala pamphasa ya amayi a Anastazia, n'kuwasiyira chitenje chaulere pamodzi ndi nkhani.

*

Pofika masana bwalo la bambo Fernando, atate ake a Anastazia, linali litadzaza. Panali amayi a chigwirizano cha kutchalitchi, panali Limbani mchimwene wake wa Anastazia, panalinso amalume ake, a Gideon, amene anabwera kudzacheza kuchokera ku Fingoe, tsidya la Mozambiki. Mkandawo anauika pambale yadothi pakati pa bwalo. Unkagundabe.

"Mai uja wa salaula anandichenjeza, ine ndimati ndi nkhambakamwa," amayi a Anastazia anatero akulira. "Anati mnyamata ameneyo amatenga mawotchi a anthu amene anafela mumgodi. Wovala chinthu chake, masiku a abale ake amapita kwa iye. Ng'ombe yathu inafa bwanji ili yonenepa? Mkazi wa Limbani anapita padela chifukwa chiyani? Zonsezi zachitika chinthu ichi chili m'nyumba mwanga!"

"Amama, ni wotchi chabe!" Anastazia anakuwa. "Muli kawaya kopindika mkati, ndiko kayendetsa. Ng'ombe inadya pulasitiki, munaona mweka atate poitumbula!"

"Tseka pakamwa," Limbani anatero, maso ali psuu. Chipitire padera mkazi wake, mnyamatayo anali asanasekepo.

Masiku amenewo mphekesera za usatana zinali paliponse, m'mabasi, pazitsime, m'maulaliki. Ankati alipo anthu olemera ndi magazi a anzawo. Ndiye panalibe wofuna kumva za kawaya. Anabweretsa mbaula ya makala ofiira, abusa anapemphera, Limbani n'kukhuthulira mkandawo pamoto. Kachingwe kanapsa. Kagalasi kanathetheka. Kugunda kunaleka, anthu n'kupuma. Mwadzidzidzi kawaya kaja kanamasuka ndi kutentha, kanafwamphuka m'makalamo n'kugwera pafumbi kakudzipinda ngati kanjoka. Amayi a chigwirizano anabalalika akukuwa dzina la Yesu, wina mpaka kutaya nsapato.

Anastazia anadziwa pomwepo kuti mlandu wamugwera.

Anthu atachepa, bambo Fernando anamuitana. Sanali munthu waukali, ndipo chimenecho ndicho chinapweteka koposa.

"Mwana wanga, tinabwela kuno iwe uli kamwana, ndinakusenza paphewa zipolopolo zikulila m'mbuyo. Anzathu atakwela malole kubwelela kwathu, ife tinatsala chifukwa nthaka ino inatilandila. Koma ndife alendo. Mlendo salakwa kawili. Mawa anthu akati nyumba ya Fernando ndi ya usatana, tidzalowela kuti? Munda uwu ndani adzatiikila kumbuyo?"

"Atate, Febian ni munthu wabwino. Muitaneni chabe mumuone."

"Asapondeko kuno."

Amalume Gideon anakhosomola. "Alamu, mwanayu ndi wa mlongo wanga, ndiye ndi wanganso. Lole imene ndinabwela nayo ikubwelela Lowelukali. Ndipita naye. Akakhala ndi azakhali ake mpaka mutu wake utazizila, ndipo amuna oopa Mulungu kumeneko aliko."

Anastazia anayang'ana amayi ake. Amayiwo anayang'ana pansi. Za dziko limene ankamutumizako iye ankakumbukira zochepa: utsi, kulira kwa mbuzi, ndi dzanja la munthu wina litamutseka pakamwa m'thengo.

*

Sabata imeneyo sanamulole ngakhale kupita kuchitsime yekha. Anayesa kugwira miyendo ya amayi ake ali kuseri kwa nkhokwe.

"Amama, imwe munakwatiwa na atate makolo anu asafuna. Munaniuza mweka."

"Atate ako sankapanga zinthu zoyenda zokha."

"Nikapita uko nizafa."

"Bola ukafe ndi matenda a Mulungu kusiyana ndi kundifela m'manja mwa satana." Anatero akumusisita kumutu, misozi ikugwera m'tsitsi la mwana wawo.

Lachinayi madzulo anaona amayi ake akumupindira zovala m'chikwama cha amalume. Lachisanu tambala atangolira kachiwiri, Anastazia anatenga ndowa ngati wopita kumadzi, anaisiya pachitsa kuseri kwa sukulu, n'kuthamangira kumsewu. Lole ya thonje inamupeza akukupiza chitenje pakati pa njira. Anakwera pamwamba pa mabelo, nadziphimba kumutu kuti asazindikirike. Fumbi linali tolo, moti magalimoto amene ankakumana nawo ankangowamva kulira kwake, osaona okweramo.

*

Pakhonde la sitolo ija panalibe munthu. Tebulo la Febian linali chagada, mwendo umodzi utathyoka, ndipo m'ngalande munali timawilo ta mkuwa titamwazikana ngati mapira. Mwini sitolo atamuona analowa m'kati n'kutseka chitseko.

Anathamangira ku saluni kwa Doris, mnzake wa kusukulu, amene ankawanyamulira mauthenga kuyambira pachiyambi. Doris anasiya mutu wa kasitomala uli theka, n'kumukokera kuseri.

"Iwe, uli moyo? Nkhani ya kwanu inafika kuno pa Mande. Ati mkanda unasanduka njoka, unaluma abusa. Pa Chiwili anthu a pamsika anabwela na miyala."

"Febian ali kuti?"

"Anamumenya, Anastazia. Dzanja lija la nchito analiponda na nsapato. Akanamupha."

Anastazia anakhala pa chigubu cha madzi. "Ali ku chipatala?"

Doris anayang'ana kumbali, akupukuta manja amene anali ouma kale. "Anamupulumutsa ni Vivian. Anamutenga kupita naye ku Kacholola, kwamene ali na shopu yake ina."

"Vivian? Ndiye amene anayambitsa zonse izi! Ndiye ananamiza amama!"

"Nidziwa. Koma Febian sadziwa. Iye aona chabe munthu amene anamuchotsa m'kamwa mwa imfa." Doris anatsitsa mawu. "Vivian anauza anthu pano kuti iwe wavomela wekha kuti Febian anakulodza, ndiponso kuti upita ku Mozambiki kukakwatiwa. Anakamba pamaso pake, ali magazi okhaokha."

"Ndiye anakhulupilila?"

"Anangotola chipewa chake."

"Sanasiye mawu alionse a ine?"

Doris anapukusa mutu. Anastazia anaimirira.

"Nikwezeko basi, Doris. Nizakubwezela tsiku lina."

"Ukapeza kuti ali pamodzi?"

"Aniuze yekha na pakamwa pake. Mailo, Loweluka, lole ya amalume inyamuka. Nilibe tsiku lina."

*

Minibasi inaima paliponse, ngakhale pamene panalibe munthu. Pa Nyimba inakhalitsa, amayi a nthochi atazinga mawindo, kondakitala akusakasaka anthu a ku Lusaka. M'maganizo Anastazia ankangoona Febian akumutembenukira msana. Ankakonza mawu oti akanene, n'kuwaphwasula, n'kuwakonzanso. Pofika m'mapiri a Kacholola dzuwa linali litapendeka.

Shopu ya Vivian sinasowe. Madiresi a salaula anali kupepeluka pachingwe, ndipo mwiniwake anakhala pakhomo atapingasa miyendo. Kumakutu kwake kunalendewera ndolo za manambala a wotchi. Pamutu pake panali chipewa cha Febian, magalasi a mumgodi aja akung'anima padzuwa.

Anastazia anayandikira.

"Aa, mkwatibwi wa ku Mozambiki!" Vivian anaseka. "Mwabwela kugula dilesi ya ukwati? Nili nayo yoyela, inavalidwa kamodzi chabe."

"Nifuna Febian."

"Aliyense afuna Febian. Anthu a kwanu naonso amufuna, na miyala."

"Vulani chipewa icho. Si chanu."

Vivian anachikonza bwinobwino pamutu. "Mwamuna akasiya chipewa m'nyumba ya mkazi, mwana iwe, udziwa tanthauzo lake? Kapena ku kampu ya othawa nkhondo sanakuphunzitseni?"

"Munanamiza amama. Munakhala pamphasa pathu, munadya nshawa zathu, munakamba kuti apanga za usatana. Manje muvala ndolo zake zomwezo. Ngati zipha anthu, imwe simufa bwanji?"

Amayi ogulitsa nthochi pafupi anasiya kuitanira makasitomala. Kumwetulira kwa Vivian kunachepa. Anaimirira, nayandikira mpaka Anastazia anamva fungo la mafuta ake onunkhira.

"Mvela, nikuuze. Uja mwamuna ali na golide m'manja. Pakhonde paja anali kuola. Ine nizamupeleka ku Lusaka, nizamupezela shopu ya magalasi, azungu azamuitana bwana. Iwe uzamupatsa chani? Nshawa? Ulibe na leji yomwe, chitupa cha nzika, ukafika pa lodibuloko unjenjemela. Chikondi chako chamuphwanyitsa dzanja. Chinanso ufuna chimuphwanyike n'chani?"

Mawu amenewo analasa pamene panali bala kale.

"Ali kuti?" Anastazia ananong'ona.

"Anapita ku Lusaka mailo, pa Chinai, kukaona malo. Anati ukabwela nikuuze kuti uyende bwino."

Anastazia anatembenuka. Sanafune kulira pamaso pa mkaziyo. Anayenda osadziwa kumene akupita, kudutsa milu ya nthochi ndi madengu, mpaka anakakhala pamwala kuseri kwa malo omwera tiyi. Pamenepo ndiye anadzitaya. Kwawo anathawako, kumene anathawira kunalibe munthu, ndipo m'chitenje munalibe ngakhale ya basi yobwererera.

*

"Ndiwe Anastazia wa ku Ukwimi?"

Anadzutsa mutu. Patsogolo pake panaima mayi wachikulire wa duku lofiira, mmodzi wa ogulitsa nthochi aja.

"Ndine Bernadette, mng'ono wa amake Febian. Pukuta m'maso. Uja mkazi ni wabodza kuyambila kumapazi mpaka ku chipewa chakubacho."

"Sanapite ku Lusaka?"

"Lusaka ya kuti? Anamutula pano, inde, koma mwana wanga anakana kulowa m'nyumba mwake. Anagona kwa ine. Chipewa anachilanda pomusambitsa mabala, ati nizakusungila." Amayi Bernadette anakhala pambali pake, namupatsa nthochi. "Idya. Dzanja lake latupa monga dzungu, zala ziwili sizigwedezeka. Koma sanali kulila dzanja. Anali kungoti, amai, Anastazia sangakambe mawu aja, namudziwa."

Anastazia anagwira pakamwa. Misozi inabweranso, koma ina.

"Manje ali kuti, amai? Nipelekeni."

"Ndiye vuto. Namuletsa, namugwila malaya, sanamvele. Ananyamuka mailo masana. Anati azagona ku Petauke mobisala, m'mawa akwele galimoto ya ku Ukwimi. Anatenga wotchi imodzi na sukuludilaiva, ati nikagwade pamaso pa atate ake, niitsegule aone okha kuti mulibe chiwanda. Ati akafuna kunipha aniphe, koma asamupeleke kutali chifukwa cha ine."

Nthochi inagwa m'manja mwa Anastazia. Anakumbukira magalimoto aja amene anakumana nawo m'fumbi m'mawa, iye atadziphimba kumutu.

"Wapita kwathu? Lelo?"

"Lelo. Ine nimaganiza kuti akupeza kumeneko."

"Amai, ine nathawa! Palibe amene adziwa kwamene nili!"

Awiriwo anayang'anizana. Panalibe amene anafuna kutchula chimene onse anali kuchiona.

*

Anayesa kuimitsa galimoto iliyonse yolowera kummawa. Lole ya feteleza inadutsa osachepetsa n'komwe liwiro. Basi ina inali yodzaza mpaka pakhomo. Dzuwa litakhala pamwamba pa phiri, minibasi yochokera ku Petauke inaima tsidya la msewu, ndipo munatsika Doris, tsitsi lili nyankhalala, akadali ndi epuloni ya ku saluni.

"Anastazia! Mulungu wanga, nakupeza!"

"Wamva chani?"

Doris anapuma movutikira, atagwira mawondo. "Limbani anabwela ku saluni masana, pa galimoto ya ogula thonje, akufunafuna. Nakana kuti sinakuone, naopa kuti azabwela kukugwila. Ndiye anakamba zonse. Febian anafika kwanu m'mawa, anthu ali pakati pokufuna. Anali atapeza ndowa yako pachitsa. Pamene anamuona atulukila na dzanja lomanga nsanza, wotchi m'thumba..."

"Kamba!"

"Ati wakupeleka nsembe. Ati wabwela kuzatenga wina. Anamugwetsa, anamumanga na chingwe cha ng'ombe."

Amayi Bernadette anakuwa, manja kumutu.

"Ali moyo?" Anastazia anagwira Doris m'mapewa n'kumugwedeza. "Doris, ali moyo?"

"Pamene Limbani ananyamuka anali moyo. Atate ako ndiwo anamulanditsa. Anamutsekela m'nyumba yosungila thonje, iwo akhala pakhomo na nkhwangwa, ati palibe amene azamukhudza mpaka mwana wanga aoneke, wamoyo kapena wakufa. Koma anthu achuluka, abwela na a m'midzi ina. Anyamata akumwa kachasu kuyambila m'mawa. Limbani ati ena apita kale kukatenga palafini. Ati mdima ukagwa, mdala mmodzi sangaletse mudzi wonse."

"Unamuuza kuti nili moyo?"

"Namuthamangila pamene namvela za palafini, koma galimoto inali itapita. Napita kupolisi, ati galimoto yao ili kutali, ibwela mailo. Ndiye nakwela basi."

Anastazia anayang'ana dzuwa. Ngakhale akanapeza basi nthawi yomweyo, ikanamutula pa Petauke, ndipo kuchokera pamenepo kupita ku Ukwimi kunalibe galimoto yoyenda madzulo. Nyumba ya thonje ankaidziwa bwino: denga la udzu, chitseko chimodzi, yopanda windo. Ndipo pakhomo pake panakhala atate ake.

"Pano palibe munthu wa galimoto? Aliyense! Nizamugwilila nchito chaka chonse!"

Amayi Bernadette anazengereza, kenako analoza ndi mlomo. Kuseri kwa shopu ya salaula kunaima vaneti yoyera, imene inkanyamula mabelo kupita nawo m'midzi.

"Ni imodzi chabe pano. Ni ya uja."

*

Vivian anali atamva zonse, pakuti Doris sanalankhule monong'ona. Anastazia anamupeza ataima pakhomo, chipewa chija atachivula, akuchitembenuzatembenuza m'manja. Nkhope yake inali itatuwa. Kwa kanthawi ankaoneka ngati munthu amene wayatsa moto wa mbewa n'kuona ukulowera kumudzi.

Anastazia anagwada pafumbi, pamaso pa anthu onse a pamsika.

"Amai Vivian, napapata. Zonse nakamba nikhululukileni. Azamuotcha. Imwe mumukonda, nidziwa. Tipelekeni."

"Sinafune kuti zifike apa," Vivian anatero motsitsa, ngati akudziuza yekha. "Nimafuna chabe kuti achoke pakhonde paja."

"Ndiye tiyeni! Mukauze anthu kuti munanama!"

Mawu amenewo anamudzutsa. Maso ake anauma pomwepo.

"Nikakambe kuti nanama, aotche ine? Iyai." Anapachika chipewacho pamsomali, natulutsa makiyi m'kachikwama. "Galimoto ili na mafuta. Niyendetsa neka, njila niidziwa. Tikathamanga tizafika. Koma mvela bwino, mwana iwe, chifukwa sinibweleza."

"Chilichonse."

"Ukafika, anthu akuone kuti uli moyo. Ukatelo uimilile pamaso pa atate ako, pamaso pa amalume ako, pamaso pa Febian, ukambe kuti sumufuna. Ukambe kuti unathawa chifukwa unali kumuopa, ndiponso kuti ku Mozambiki upita na mtima wako. Mailo ukwele lole. Iye nibwela naye ine."

"Vivian, opa Mulungu!" anakuwa amayi Bernadette. "Munthu afa, iwe uchita malonda?"

"Ndine wamalonda, amai. Mwana uyu akakhalabe pafupi, mailo azamumanganso Febian. Mufuna mwana wanu na dzanja limodzi, kapena mufuna phulusa?" Anatembenukira kwa Anastazia. "Ulumbile pa moyo wa amako. Ukanitembenukila kumeneko, nizauza anthu kuti nakupeza m'nyumba ya amai awa atakubisa, ulibe nzelu, ukamba zosamveka. Uganiza azamvela nani?"

Doris anamukoka dzanja. "Usavomele, Anastazia. Tizapeza njila ina."

Anastazia anayang'ana msewu. Unali mbee, kummawa ndi kumadzulo komwe. Mthunzi wa phiri unali utawoloka kale tala n'kuyamba kukwera makoma a mashopu.

"Nalumbila," anatero.

"Pa moyo wa nani?"

"Pa moyo wa amama."

Vivian anatsegula chitseko. Doris ndi amayi Bernadette anakwera kumbuyo, pa mabelo a salaula. Anastazia anakhala kutsogolo. Injini inalira, vaneti inakhotera kummawa, nthochi ndi madengu a Kacholola n'kutsalira m'fumbi.

Atatsika phiri loyamba, Vivian analankhula maso ali pamsewu.

"Njila ni yaitali. Yamba kuyeselela manje, ungakagwidwe chibwibwi pamaso pake. Kamba: Febian, sinikufuna."

Anastazia anatsegula pakamwa. Mawuwo anatuluka ngati minga, osamveka n'komwe pamwamba pa kulira kwa injini.

"Febian... sinikufuna."

Vivian anasintha giya, naponda mafuta.

"Kweza mawu," anatero. "Afunika akakhulupilile."